Dodge Charger yatsopano: ndi injini iti imene ikuyenera kukhala pamwamba pa Scat Pack?

Dodge inasiya kupanga Charger yakale ndi Challenger ku fakitale ya Brampton, ku Canada, mu Disembala 2023. Charger yatsopano inaonetsedwa mu Malichi 2024, ndipo imapangidwa ku Windsor, ku Canada komweko. Inabwera m'mitundu iwiri ya mayina odziwika bwino, R/T ndi Scat Pack, imene ndi yamphamvu kuposa inzake. Aliyense amene amatsatira galimoto za Dodge amadziwa kuti Scat Pack sinakhalepo mapeto a mndandanda. Pamwamba pake pankakhala Hellcat, kenako Redeye, ndipo pamwamba penipeni pankakhala Demon. Malo amenewo ndi amene anthu akukanganirana, ndipo njira zimene zikutchulidwa ndi zisanu: Hemi wamba (injini ya V8 ya Dodge, ya masilinda eyiti), Hemi ya supercharger (chida chokankhira mpweya wambiri mu injini) imene tonse timaitcha Hellcat, injini ya Hurricane yowonjezeredwa mphamvu, galimoto yamagetsi yotchedwa Banshee, ndi ya hybrid, yophatikiza injini ya petulo ndi mota yamagetsi.

Tisanayambe kuziyerekeza, tiyenera kudziwa kaye chimene galimoto yapamwambayo ikuyenera kupitirira. Charger Daytona Scat Pack, imene imayendera magetsi okhaokha, imatulutsa horsepower (muyezo wa mphamvu ya injini) 670, ndipo Dodge imati imafika pa liwiro la makilomita 97 pa ola m'masekondi 3.3. Charger Sixpack Scat Pack, ya petulo, ili ndi injini ya Hurricane, ya malita 3.0 ya masilinda sikisi oyima pamzere umodzi ndi ma turbo awiri (zida zozungulitsidwa ndi utsi zimene zimakankhira mpweya mu injini). Imatulutsa horsepower 550 ndipo imafika pa liwiro lomwelo m'masekondi 3.9. R/T ya petulo ili ndi injini yomweyo koma ya horsepower 420. Zonsezi zimakoka ndi matayala onse anayi. Choncho chilichonse chobwera pamwamba chiyenera kudutsa 670 pa pepala, apo ayi chipereke chinthu china chimene galimoto ziwirizi zilibe.

Pali nambala ina imene anthu saikonda kuitchula, koma ndi imene ndikuyezera njira zonsezi: kulemera. Daytona yamagetsi imalemera makilogalamu oposa 2,600. Sixpack imalemera pafupifupi 2,200. Ford Mustang Dark Horse, ya V8 ya malita 5.0 ndi horsepower 500, imalemera cha m'ma 1,800. Charger ndi galimoto yaikulu, yaitali kupitirira mamita asanu, yomangidwa pa chimango cha STLA Large chimene anachikonza kuti chizinyamula batire lalikulu. Injini iliyonse imene angaikemo ikunyamula thupi limenelo.

Hemi wamba: 5.7 ndi 392

Iyi ndi njira imene anthu ambiri amaifuulira, ndipo m'pomveka. Hemi ya malita 5.7 ndi imene inali mu R/T yakale, ndipo ya malita 6.4, yotchuka ndi dzina loti 392, ndi imene inapatsa Scat Pack yakale mbiri yake. Chiyembekezo chinakula mu Juni 2025 pamene Ram, kampani ya mapikapu ya banja limodzi ndi Dodge, inalengeza kuti 5.7 ikubwereranso mu Ram 1500, itangokhala chaka chimodzi kunja. Anthu anati, ngati yabwerera mu pikapu, chingailetse n'chiyani kubwerera mu Charger?

Chimene chikuiletsa ndi masamu. Mu Charger yakale, 5.7 inkatulutsa horsepower 370. R/T yatsopano ya masilinda sikisi imatulutsa 420. Ndiye kuti wogula alipira ndalama zowonjezera kuti atsike ndi horsepower 50, m'galimoto yolemera kuposa yakale. Mu pikapu zimenezi zinatheka chifukwa wogula pikapu amafuna injini imene akuidziwa, imene makaniko wa kwawo angaitsegule osaopa. Wogula Charger amafuna kupambana pa malobodi. Galimoto ya V8 imene ikusiyidwa ndi mng'ono wake wa masilinda sikisi ingachititse manyazi dzina la Hemi, ndipo sindikufuna kuona zimenezo.

Nkhani ya 392 ndi yowawa kwambiri, chifukwa ndi injini yabwino. Inkatulutsa horsepower 485 popanda turbo kapena supercharger. Ukangogunda phazi pa moto imayankha nthawi yomweyo, ndipo kulira kwake ikamaima pa malobodi, kogundagunda mosakhazikika, n'kumene anthu ambiri amakumva m'mutu akamati "muscle car". Komabe 485 ili pansi pa 550. Ingakhale pakati pa R/T ndi Scat Pack, osati pamwamba. Ikanakhala ndi tanthauzo ikanabwera yokoka ndi matayala akumbuyo okha, yopepukitsidwa, ndi giya yosintha pamanja ngati ya Tremec ya magiya sikisi imene inali mu Challenger. Charger yatsopano ya petulo ili ndi giya ya otomatiki ya magiya eyiti basi, ndipo kuwonjezera kalachi m'galimoto imene sanaikonzere kalachi ndi ntchito yodya ndalama zambiri. Galimoto yotereyo ndingaikonde, koma siyankha funso la chimene chikhale pamwamba.

Hellcat

Apa m'pamene nkhani ikulemera, ndipo ndikhalapo pang'ono.

Hellcat itatuluka ngati galimoto ya chaka cha 2015, horsepower 707 inali nambala imene anthu ankaiyembekezera pa galimoto za ku Italy zokwera mtengo kangapo. Injini yake ndi Hemi ya malita 6.2, ndipo pamwamba pake pali supercharger ya malita 2.4 yozungulitsidwa ndi lamba wochokera ku injini. Lamba ameneyo ndi amene amachititsa kuti imveke mawu awiri nthawi imodzi: kutsogolo kumamveka kulira kokwera, kosongoka, kwa supercharger, pamene kumbuyo ekizozi ikubangula. Eni ake ankapatsidwa makiyi awiri. Lakuda linkatsekereza mphamvu pa horsepower 500, loti ungabwereke mwana kapena wotsuka galimoto. Lofiira linkamasula zonse. Kenako panabwera Demon ya 2018 imene inkafika 840 ikamwa petulo wa mpikisano, Redeye ya 797, ndipo pomaliza Demon 170 ya mu 2023, ya horsepower 1,025 ikamwa mafuta a E85 (osakaniza ethanol ndi petulo), imene inathamanga mtunda wa mamita 402 m'masekondi 8.91.

Zifukwa zoganizira kuti injiniyi ingalowe mu Charger yatsopano zilipo ndipo n'zooneka. Choyamba, sinafe. Dodge Durango Hellcat ya horsepower 710 yapitirira kupangidwa, ndiye kuti zida zopangira injiniyo zikugwirabe ntchito. Chachiwiri, utsogoleri wa Stellantis, kampani imene ili ndi Dodge, unasintha. Carlos Tavares, amene anakankha kwambiri za magetsi, anatula pansi udindo mu Disembala 2024. Tim Kuniskis, amene anatsogolera Dodge m'zaka za Hellcat ndi Demon, anabwerera mwezi womwewo atapuma kwa miyezi yochepa. Antonio Filosa anakhala mkulu wa kampani yonse mu Juni 2025, ndipo mu Julayi chaka chomwecho analengeza kuti nthambi ya SRT, imene imapanga galimoto zamphamvu kwambiri, yadzutsidwa ndipo ili m'manja mwa Kuniskis. Chachitatu, lamulo limene linasainidwa ku America mu Julayi 2025 linachotsa chindapusa chimene makampani ankalipira galimoto zawo zikamamwa mafuta kupitirira muyezo wa boma. Chindapusa chimenecho chinali chimodzi mwa zinthu zimene zinkafinya V8. Ndipo chakumapeto kwa 2025 Dodge inaonetsa Charger Drag Pak, galimoto ya mpikisano yokhala ndi Hemi ya supercharger m'thupi latsopanoli. Galimoto ya mpikisano siyendera malamulo a pamsewu, koma inatseka pakamwa amene ankati V8 singakwane pansi pa boneti imeneyi.

Mavuto ake nawonso ndi enieni. Bulokho ya Hellcat ndi yachitsulo cholemera, pamene ya Hurricane ndi ya aluminiyamu. Ukawonjezera supercharger, zoziziritsira mpweya ndi mabuleki akuluakulu, katundu yenseyo akukhala pamphuno pa galimoto imene ndi yolemera kale. Dodge iyeneranso kuiombetsa pakhoma poyesa chitetezo ndi kuiyezetsa utsi ngati galimoto yatsopano, ndipo ndalama zimenezo ziyenera kubwezedwa ndi galimoto zochepa zimene zingagulitsidwe. Pamwamba pa zimenezi, Windsor ili ku Canada, ndipo msonkho umene America inaika mu 2025 pa galimoto zochokera kunja umakhudza Charger iliyonse yowoloka malire.

Funso limene limandisangalatsa kwambiri ndi la matayala. Hellcat yakale inkakoka ndi akumbuyo okha, ndipo vuto lake lalikulu linali kugwira pansi. Woyendetsa wosazolowera akaponda kwambiri, matayala ankangozungulira pamalo amodzi n'kutulutsa utsi pamene galimoto ya mphamvu zochepa ikupita. N'chifukwa chake Jeep Grand Cherokee Trackhawk, yokhala ndi injini yomweyo ya 707 koma yokoka ndi matayala anayi, inkanyamuka mofanana ndi Charger Hellcat ngakhale inali yolemera kwambiri. Charger yatsopano ili kale ndi njira yothetsera mkangano umenewu. Sixpack imakoka ndi anayi, koma ili ndi batani lotumiza mphamvu yonse kumbuyo woyendetsa akafuna kuseweretsa galimoto kapena kutenthetsa matayala asananyamuke. Hellcat yokhala ndi dongosolo lomweli ingakhale Charger yoyamba ya V8 ya supercharger imene munthu wamba angagwiritse ntchito mphamvu yake yonse, ngakhale pamsewu wonyowa. Pa mphamvu, 707 singakwanire, chifukwa yangopitirira 670 pang'ono. Iyenera kuyandikira nambala ya Redeye kuti mtengo wake umveke, makamaka poti Ford ili ndi Mustang GTD ya horsepower 815.

Hurricane yowonjezeredwa mphamvu

Iyi ndi njira imene akawerengera ndalama za kampani angasankhe, ndipo sakulakwa. Injini ili kale m'galimoto, yayesedwa kale, ndipo yalowa mu Jeep Grand Wagoneer ndi Ram 1500 RHO, kumene imatulutsa horsepower 540. Kuwonjezera mphamvu pa injini ya turbo n'kosavuta poyerekeza ndi kulowetsa injini ina: ma turbo okulirapo, zoziziritsira mpweya zazikulu, mafuta ambiri, ndi kusintha pulogalamu ya kompyuta yoyendetsa injini. Injini za masilinda sikisi pamzere umodzi zili ndi mbiri yopirira zimenezi. Amene amadziwa 2JZ ya mu Toyota Supra kapena injini za BMW M3 akudziwa chimene ndikunena. Mapisitoni ake amayenda mogwirizana moti injini sinjenjemera, ndipo mbali imodzi pamatsala malo okwanira ma turbo.

Ubwino wake waukulu ndi kulemera. Palibe chitsulo chatsopano chobwera pamphuno, ndiye Dodge ingathe kuika maganizo ake pa kuchotsa m'malo mowonjezera. Anachitapo kale zimenezi. Demon ya 2018 inkatuluka ku fakitale ndi mpando wa dalaivala wokha, ndipo wofuna mpando wa pambali kapena wakumbuyo ankawonjezera dola imodzi pa uliwonse. Charger ya zitseko ziwiri ya Hurricane, yofika cha m'ma horsepower 650 kapena kupitirira, yochotsedwa mipando yakumbuyo ndi zotchingira phokoso, ya mabuleki opepuka ndi matayala otakata, ingakhale Charger yokhota bwino kwambiri imene Dodge inapangapo. Dzina loipatsa lilipo kale m'mbiri yawo, T/A, limene linayamba pa Challenger mu 1970.

Koma injini ya malita atatu ikafinyidwa chonchi imatentha kwambiri, ndipo kutentha n'kumene kumapha injini za turbo. Munthu amene akufuna kusunga galimoto zaka khumi ndi zisanu ali ndi chifukwa chofunsa kuti ma turbo awiri ndi mapaipi onsewo adzakhala bwanji akadzakalamba. Hemi ndi injini ya kapangidwe kakale, ya kamushafiti imodzi mkati mwa bulokho ndi mavalavu awiri pa silinda, ndipo kuphweka kumeneko ndi gawo la chifukwa chimene anthu amaidalira.

Palinso mawu. Hurricane imalira bwino, mosalala, koma simalira ngati V8, ndipo palibe ekizozi imene ingasinthe zimenezo chifukwa kusiyanako kumachokera ku dongosolo limene masilinda amaphulikira. Ngakhale dzina loti Sixpack limakumbutsa anthu chimene palibe: mu 1969 dzinali linkanena makabuleta atatu a makomo awiriawiri okhala pamwamba pa V8 ya 440. Munthu wolipira mtengo wapamwamba pa Dodge akugulanso chimene makutu ake amve akaliza injini m'mawa. Ndiye Hurricane yamphamvu ikuyenera kukhalapo, koma pansi pa Hellcat, osati m'malo mwake.

Banshee

Mu Ogasiti 2022 Dodge inaonetsa galimoto yachitsanzo yotchedwa Charger Daytona SRT, ya magetsi a mavoti 800, n'kunena kuti dongosolo lake lotchedwa Banshee lidzaposa Hellcat. Pa nthawiyo zinkaoneka kuti imeneyi ndiyo idzakhale pamwamba. Daytona imene inafika pamsika ndi ya mavoti 400 ndi batire la 100.5 kWh, ndipo Banshee inatsala ngati lonjezo. Mu 2025 malipoti a atolankhani a za galimoto ananena kuti ntchitoyo yaimitsidwa.

Tikangoyang'ana liwiro la pamzere woongoka, magetsi sagonja. Tesla Model S Plaid ili ndi horsepower 1,020 ndipo Lucid Air Sapphire ili ndi 1,234. Banshee ikanatha kufika m'gulu limeneli, ndipo mavoti 800 akanathandiza kuti batire lizidzaza msanga ndiponso kuti mawaya asamatenthe kwambiri galimoto ikathamangitsidwa mobwerezabwereza. Vuto ndi loti msika wayankha kale. Daytona sinagulidwe monga Dodge inkayembekezera, moti R/T yamagetsi inachotsedwa pa mndandanda wa 2026. Thandizo la boma la America la madola 7,500 kwa ogula galimoto zamagetsi linatha kumapeto kwa Seputembala 2025. Ndipo chida chimene Dodge inapanga kuti galimoto yamagetsi izibangula, chotchedwa Fratzonic, chimene ndi masipika oikidwa m'chibokosi kumbuyo, sichinakope anthu amene anazolowera Hemi. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere: kunja galimoto ikulira ngati ili ndi injini, koma woyendetsa sakumva giya ikusintha kapena injini ikukwera. Hyundai inachita bwino pa mbali imeneyi ndi Ioniq 5 N, imene imayerekeza kusintha kwa magiya mpaka kugwedeza galimoto.

Sindikunyoza Daytona. Ndi galimoto yothamanga kwambiri ndipo thupi lake n'lokongola. Koma kuwonjezera mota yachitatu pa galimoto ya makilogalamu 2,600 sikuthetsa chimene chikuletsa anthu kuigula. Banshee idikire mabatire opepuka.

Ya hybrid

Njira imeneyi sindikhalitsapo. Chevrolet inasonyeza ndi Corvette E-Ray, ya horsepower 655, kuti mota yamagetsi yaing'ono kutsogolo ndi V8 kumbuyo zingagwirizane popanda kulemetsa galimoto kwambiri. Koma Corvette inayamba ili yopepuka. Chitsanzo choyandikira Charger ndi BMW M5 yatsopano, ya V8 ndi batire lotchajitsa, imene inafika pa horsepower 717 koma n'kulemera makilogalamu oposa 2,400. Charger ikatsata njira imeneyo inyamula injini, thanki, batire ndi mota nthawi imodzi, pa mtengo wokwera, kuti ikwaniritse malamulo a mafuta amene pakali pano afewa ku msika wake waukulu. Malamulowo akadzalimbanso m'tsogolo, njirayi idzabwereranso pa tebulo.

Nanga wofuna kugula atani?

Ndikaika zonse pamodzi, Hellcat ndi imene ili ndi mwayi waukulu wokhala pamwamba, ndipo ndi imene ikuyenera. Injini ilipo, munthu amene anaitchukitsa ali pa udindo, chindapusa chachoka, ndipo ndi V8 yokhayo ya Dodge imene ingaime pamwamba pa 670 popanda kupepesa. Chevrolet Camaro inasiya kupangidwa itatha galimoto ya chaka cha 2024, ndiye Ford yatsala yokha ndi V8 m'gulu limeneli, ndipo sindikuona Dodge ikulola zimenezo kwa nthawi yaitali. Chimene ndikupempha n'chakuti SRT isangoponyamo injini n'kulemba nambala yaikulu pa chikwangwani. Ichotse makilogalamu pena paliponse pamene ingathe, isunge matayala anayi ndi batani lotumiza mphamvu kumbuyo, ndipo iike mabuleki olingana ndi thupi limeneli.

Amene akufuna galimoto yoyendera tsiku lililonse alibe chifukwa chodikira. Sixpack Scat Pack inalengezedwa pa mtengo woyambira cha m'ma madola 55,000, ndipo horsepower yake 550 imaposa ya Scat Pack yakale ndi 65. Ili ndi malo okwanira banja, chitseko chakumbuyo chotseguka ndi galasi lomwe, ndi matayala anayi ogwira pansi kukagwa chipale chofewa, zimene abale athu okhala ku Michigan kapena ku Ontario angaziyamikire. Hellcat ikadzabwera idzakhala yokwera mtengo kwambiri, ndipo ogulitsa ambiri amawonjezera ndalama zawo pa galimoto zoyamba zosowa ngati zimenezi.

Amene mtima wawo uli pa V8 yokha ali ndi njira ziwiri. Angadikire kuti aone chimene SRT itulutse, kapena angafufuze Charger ndi Challenger zakale za 392 ndi Hellcat, zimene zinapangidwa zambiri ndipo zikupezeka pa msika wa zogwiritsidwa kale ntchito. Pogula Hellcat yakale muonetsetse kuti makiyi onse alipo, makamaka lofiira, muone ngati kapuli ka supercharger sikanasinthidwe kuti kawonjezere mphamvu, ndipo mufunse mapepala osonyeza mmene ankaisamalira.

Kwa ife okhala m'mayiko oyenda kumanzere kwa msewu, monga Malawi, Zambia ndi South Africa, pali chopinga china chimene sichidalira injini: Dodge imapanga Charger ya chiwongolero chakumanzere chokha. Mustang ndiyo imatuluka ku fakitale ndi chiwongolero chakumanja, ndipo imagulitsidwa ku South Africa. Wofuna V8 ya ku America yatsopano yoyenda nayo pa misewu yathu ayambire kwa Ford, kaya Dodge isankhe Hellcat kapena Hurricane.